Kuphunzitsa kulankhula za chitukuko chokhazikika m'makalasi a zilankhulo zakunja kudzera pa masamba a mchezo

Kuphunzitsa kulankhula za chitukuko chokhazikika m'makalasi a zilankhulo zakunja kudzera pa masamba a mchezo ndi njira yophunzitsira yomwe aphunzitsi ena a m'mayunivesite amagwiritsa ntchito pophatikiza zinthu zitatu: chilankhulo chomwe ophunzira akuphunzira, nkhani za chilengedwe ndi umoyo wa anthu, komanso masamba a pa intaneti monga Instagram, YouTube, TikTok, Facebook ndi X. M'malo mongowerenga nkhani zongoyerekeza za m'buku la kalasi, ophunzira amawerenga zomwe eni chilankhulo akulemba lero pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, zinyalala, madzi kapena magetsi. Akatero amazisanthula, kenako iwonso amalemba uthenga wawo womwe anthu enieni angathe kuwerenga ndi kuyankha.

Cholinga cha njirayi ndi chakuti wophunzira adziwe kusankha mawu oyenera omvera ake, aziona kuti mawu a nkhani ya chilengedwe satanthauza zofanana m'zilankhulo zonse, komanso azitha kusiyanitsa uthenga woona ndi uthenga wongokometsera malonda.

Tanthauzo la mawu

Mawu akuti chitukuko chokhazikika adafala kwambiri kuchokera mu 1987, pamene komiti ya bungwe la United Nations yomwe inkatsogozedwa ndi Gro Harlem Brundtland wa ku Norway idatulutsa lipoti lotchedwa Our Common Future. Lipotilo lidafotokoza kuti chitukuko chokhazikika ndi chomwe chimakwaniritsa zosowa za anthu a lero popanda kulanda ana ndi zidzukulu mwayi wodzakwaniritsa zosowa zawo. Akatswiri amachigawa patatu: chilengedwe, chuma ndi umoyo wa anthu.

Kulankhula za chitukuko chokhazikika ndi ntchito yofalitsa ndi kukambirana nkhani zimenezi pakati pa asayansi, maboma, makampani, mabungwe ndi anthu wamba. Pali kulankhula kongodziwitsa, monga kufotokoza chifukwa chake madzi a m'nyanja zikuluzikulu akukwera. Pali kulankhula kokopa, monga kulimbikitsa anthu kuti asiye majumbo apulasitiki opyapyala. Palinso kukambirana, pomwe anthu a maganizo osiyana amakangana pa zomwe dziko liyenera kuchita. Wophunzira chilankhulo amafunika kuzindikira mitundu itatu yonseyi, chifukwa uliwonse uli ndi mawu ake ndi kalembedwe kake.

Mbiri

Njirayi idachokera ku mitsinje iwiri yomwe idadzakumana pambuyo pake.

Mtsinje woyamba ndi wa maphunziro a chitukuko chokhazikika. Pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro mu 1992, mayiko adavomereza chikalata cha Agenda 21, ndipo mutu 36 wa chikalatachi umakamba za maphunziro. Bungwe la United Nations lidapatula zaka za 2005 mpaka 2014 kukhala zaka khumi za maphunziro a chitukuko chokhazikika, ndipo UNESCO ndiyo idatsogolera ntchitoyo. Mu Seputembala 2015 mayiko adagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Ndime 4.7 ya zolingazi ikufuna kuti ophunzira onse apeze nzeru ndi luso lopititsira patsogolo chitukuko chotere. Pa zolinga 17 zija palibe cholinga chapadera cha zilankhulo, koma zonse zimafunika kufotokozedwa kwa anthu m'chilankhulo chomwe iwo amamva.

Mtsinje wachiwiri ndi wa akatswiri a zilankhulo. Mu 1990, pa msonkhano womwe udachitikira ku Thessaloniki m'dziko la Greece, katswiri Michael Halliday adanena kuti chilankhulo chenichenicho chingathe kuzoloweretsa anthu kuwononga chilengedwe. Iye adaonetsa kuti Chingerezi chimatchula madzi, mpweya ndi mafuta ngati zinthu zopanda malire, komanso chimaona kukula ndi kuchuluka ngati zinthu zabwino nthawi zonse. Maganizo amenewa adathandiza kukulitsa phunziro lotchedwa ecolinguistics, lomwe Arran Stibbe adalilembera buku lodziwika mu 2015. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, aphunzitsi a zilankhulo ku Japan, motsogozedwa ndi Kip Cates wa pa yunivesite ya Tottori, adakhazikitsa gulu loika nkhani za mtendere, ufulu ndi chilengedwe m'makalasi awo. Ku Ulaya, mu 1994 kudabwera dzina la CLIL, njira yophunzitsira phunziro lina, monga jogalafe, kudzera m'chilankhulo chakunja.

Masamba a mchezo adafika mitsinje iwiriyi ili kale paulendo. Facebook idayamba mu 2004, YouTube mu 2005, Twitter mu 2006 ndipo Instagram mu 2010. Bungwe la Council of Europe, lomwe mu 2001 lidatulutsa muyeso wa luso la chilankhulo wa magawo asanu ndi limodzi kuyambira A1 mpaka C2, lidawonjezera buku lina mu 2018 ndi 2020 lomwe lidaikamo luso lokambirana pa intaneti ndi luso lokhala mkhalapakati wa anthu osiyana zilankhulo. Kuyambira pamenepo, kulemba ndemanga pa intaneti kudayamba kuwerengedwa ngati luso lomwe lingaphunzitsidwe ndi kuyesedwa. Mu 2021, msonkhano wa za nyengo wa COP26 ku Glasgow usanachitike, bungwe la British Council lidakonza maphunziro ndi zipangizo zothandiza aphunzitsi a Chingerezi kuika nkhani ya nyengo m'makalasi awo.

Chifukwa chake nkhaniyi ili m'kalasi ya chilankhulo

Chifukwa choyamba ndi chakuti mavuto a chilengedwe sadziwa malire a mayiko. Utsi wotuluka m'dziko lina umatenthetsa dziko lonse lapansi, ndipo mtsinje umodzi umadutsa mayiko a zilankhulo zosiyana. Amene amaliza maphunziro a zilankhulo amakagwira ntchito yomasulira, utolankhani, ukazembe, zokopa alendo ndi mabungwe othandiza anthu, ndipo kumeneko amakumana ndi nkhani zimenezi tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti mawu a nkhaniyi samasulirika mwachindunji. Chifalansa chimati développement durable, ndipo mawu akuti durable amatsindika kukhalitsa. M'Chisipanishi muli mawu awiri, sostenible lomwe limamveka kwambiri ku Spain ndi sustentable lomwe limamveka kwambiri ku Mexico ndi Argentina. Chipwitikizi chimati sustentável. M'Chichewa mawu akuti nyengo amanena za mmene kunja kwachera lero, amanenanso za dzinja ndi chilimwe, komanso za chizolowezi cha mvula ndi kutentha pa zaka zambiri, pomwe Chijeremani chimasiyanitsa Wetter ndi Klima. Wophunzira akaona kusiyana kotereku amazindikira kuti kumasulira si kungosinthanitsa mawu ngati ndalama pa msika.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti zokambirana za achinyamata pa nkhaniyi zimachitikira kwambiri pa masamba a mchezo. Pa 20 Ogasiti 2018, Greta Thunberg, ali ndi zaka 15, adakhala panja pa nyumba ya malamulo ku Stockholm ndi chikwangwani cholembedwa m'Chiswidishi, n'kuika chithunzi chake pa Instagram ndi Twitter. Gulu la Fridays for Future lomwe lidabadwa pamenepo lidafalikira m'mayiko ambiri, ndipo achinyamata a dziko lililonse ankalemba m'chilankhulo chawo. Zolemba zimenezi ndi nkhokwe ya chilankhulo chamoyo chomwe buku la kalasi silingathe kuchitsatira, chifukwa buku limatenga zaka kuti lisindikizidwe pomwe mawu atsopano amabadwa mwezi ndi mwezi.

Mmene phunziro limayendera

Ngakhale aphunzitsi amasiyana, ntchito zambiri za mtunduwu zimadutsa masitepe anayi.

Sitepe yoyamba ndi kusonkhanitsa. Ophunzira amasankha mutu umodzi, monga kutaya chakudya, zovala zotchipa zosachedwa kutha, kapena mayendedwe a m'mizinda. Kenako amatsatira masamba a mabungwe, a boma, a makampani ndi a anthu omenyera chilengedwe omwe amalemba m'chilankhulo chomwe akuphunziracho, ndipo amasunga zitsanzo.

Sitepe yachiwiri ndi kusanthula. Pa uthenga uliwonse amafunsa kuti walemba ndani, akulembera yani, akufuna kuti wowerenga achite chiyani, ndipo wabisa chiyani. Amayang'ananso chithunzi, nyimbo, mtundu wa zilembo ndi ma hashtag, poti pa masamba a mchezo tanthauzo silikhala m'mawu mokha. Galamala imaphunziridwa pomwepo: mneni wolamula mu uthenga wokopa, mawu oyerekeza za m'tsogolo mu uthenga wochenjeza, ndi manambala mu uthenga wodziwitsa.

Sitepe yachitatu ndi kupanga uthenga. M'magulu a anthu atatu kapena anayi, ophunzira amakonza vidiyo yaifupi, chithunzi chokhala ndi mawu, kapena mndandanda wa mauthenga. Kufupika kwa malo olembapo kumawakakamiza kusankha mawu mosamala. Twitter, yomwe idasintha dzina kukhala X mu 2023, inkalola zilembo 140 zokha mpaka mu 2017 pamene idawonjezera kufika pa 280. Kufotokoza lipoti lalitali la asayansi m'ziganizo ziwiri za chilankhulo chachilendo popanda kupotoza mfundo ndi ntchito yovuta kuposa kulemba chimangirizo cha masamba awiri.

Sitepe yachinayi ndi kuyankha ndi kulingalira. Uthenga ukaikidwa pa tsamba la kalasi, ophunzira amawerenga ndemanga, amayankha, ndipo pomaliza amalemba zomwe aphunzirapo: mawu omwe sadamveke, nthabwala yomwe sidaseketse, kapena mfundo yomwe wina adaitsutsa.

Chitsanzo cha makalasi a Chijeremani

Chijeremani ndi chitsanzo chabwino chifukwa nkhani ya chilengedwe ili ndi mizu yakuya m'chilankhulochi. Mawu akuti Nachhaltigkeit, omwe ndi kukhazikika kwa chitukuko, adachokera ku ntchito yosamala nkhalango. Mu 1713 Hans Carl von Carlowitz, mkulu woyang'anira migodi ku Freiberg m'chigawo cha Saxony, ataona kuti migodi ya siliva ikutha mitengo, adalemba buku lotchedwa Sylvicultura oeconomica momwe adalangiza kuti mitengo izidulidwa molingana ndi mmene ina ikumerera. Wophunzira akadziwa mbiri imeneyi amamvetsa kuti kwa Mjeremani mawuwa ali ndi fungo la nkhalango ndi kuwerengera, osati ndale zokha.

Chijeremani chimakonda kulumikiza mayina awiri kapena atatu kukhala liwu limodzi, ndipo nkhani ya nyengo yabala mawu ambiri otere. Energiewende ndi kusintha kuchoka ku malasha ndi nyukiliya kupita ku magetsi a dzuwa ndi mphepo. Malo atatu omaliza opangira magetsi a nyukiliya ku Germany adatsekedwa mu Epulo 2023. Flugscham, manyazi okwera ndege, ndi liwu lomwe lidatengedwa ku liwu la Chiswidishi lakuti flygskam. Mu 2018 bungwe la Gesellschaft für deutsche Sprache lidasankha Heißzeit, kutanthauza nthawi yotentha, kukhala liwu la chaka. Liwuli limaseweretsa mawu akuti Eiszeit, nthawi yakale ya madzi oundana. Gulu lina la akatswiri a chilankhulo lomwe limasankha liwu loipa la chaka lidasankha Klimahysterie pa chaka cha 2019 ndi Klimaterroristen pa chaka cha 2022, ponena kuti mawuwa amanyoza anthu omenyera chilengedwe. Pofufuza mawu amenewa pa masamba a mchezo, ophunzira amaona kuti munthu akasankha kunena Klimawandel, kusintha kwa nyengo, kapena Klimakrise, vuto lalikulu la nyengo, amakhala waonetsa kale mbali yomwe waima. Zofananazo zidachitika m'Chingerezi mu Meyi 2019, pamene nyuzipepala ya The Guardian idauza atolankhani ake kuti azikonda mawu osonyeza ngozi polemba za nyengo.

M'mwezi womwewo, kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike chisankho cha nyumba ya malamulo ya Ulaya, mnyamata wina wotchuka pa YouTube wodziwika ndi dzina lakuti Rezo adatulutsa vidiyo ya mphindi pafupifupi 55 yodzudzula chipani cha CDU, makamaka pa nkhani ya nyengo. Vidiyoyo idaonedwa kokwana mamiliyoni ambiri. Rezo adalankhula Chijeremani cha achinyamata chosakaniza ndi Chingerezi, koma adaikanso mndandanda wautali wa komwe adatenga mfundo zake. Vidiyo yotere imapatsa kalasi mpata woyerekeza chilankhulo cha mumsewu ndi chilankhulo cha m'malipoti a sayansi pa mfundo imodzimodzi.

Popanga uthenga wawo, ophunzira amayenera kusankha pakati pa du ndi Sie, monga mmene Mchewa amasankhira pakati pa iwe ndi inu. Pa Instagram ndi TikTok mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito du, pomwe kalata yopita ku ofesi imafuna Sie. Amayeneranso kudziwa moyo wa omvera awo. Ku Germany botolo lapulasitiki la chakumwa logwiritsa ntchito kamodzi limakhala ndi chikole chotchedwa Pfand cha masenti 25, chomwe munthu amabwezeredwa akabweza botololo ku sitolo. Uthenga wouza Ajeremani kuti ayambe kubweza mabotolo ungakhale wophonya, chifukwa ndi zomwe amachita kale.

Kuzindikira uthenga wachinyengo

Mbali yaikulu ya phunziroli ndi kuphunzira kukayikira. Mu 1986 Jay Westerveld wa ku America adayambitsa liwu lakuti greenwashing pofotokoza mahotela omwe ankapempha alendo kuti asamasinthe matawulo tsiku lililonse ati pofuna kuteteza chilengedwe, pomwe chenicheni chinali kuchepetsa ndalama zochapira. M'Chifalansa mchitidwewu umatchedwa écoblanchiment. Ophunzira amaphunzitsidwa kuyang'ana mawu osamveka bwino monga akuti chachilengedwe kapena chobiriwira omwe alibe nambala kapena umboni, zithunzi za masamba ndi mathithi pa katundu wowononga, ndi malonjezo a zaka zakutali omwe sanena chomwe chichitike chaka chino. M'chilankhulo chachilendo chinyengo chotere chimavuta kuchigwira, poti wophunzira amatanganidwa ndi kumva tanthauzo la mawu n'kuiwala kufunsa ngati ali oona.

Zithunzi nazo zimasanthulidwa. Mu Januwale 2020 ku Davos, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press lidatulutsa chithunzi cha atsikana omenyera chilengedwe litadulamo Vanessa Nakate wa ku Uganda, n'kusiya azungu anayi okha. Nakate adadandaula pa masamba a mchezo ndipo bungwelo lidapepesa. Nkhaniyi imathandiza kalasi kufunsa kuti ndani amaoneka ndipo ndani amasowa pa nkhani ya nyengo, makamaka poti mayiko a mu Africa amatulutsa gawo lochepa la mpweya wotenthetsa dziko koma amavutika kwambiri ndi zotsatira zake.

Kulumikiza makalasi a mayiko osiyana

Aphunzitsi ena amalumikiza kalasi yawo ndi kalasi ya m'dziko lina kuti ophunzira agwirire ntchito limodzi pa intaneti. Ku America njirayi imadziwika ndi dzina lakuti COIL, lomwe lidakula pa State University of New York, ndipo ku Ulaya pulogalamu ya Erasmus+ Virtual Exchange idayenda kuyambira 2018 mpaka 2020. Ophunzira a mbali ziwiri amakonza uthenga umodzi m'zilankhulo ziwiri, ndipo aliyense amawongolera mnzake.

Ntchito ina yothandiza ndi kuyerekeza mmene chochitika chimodzi chidalembedwera m'zilankhulo zosiyana. Namondwe Freddy wa mu Febuluwale ndi Malichi 2023 ndi chitsanzo. Machenjezo a akatswiri ankachokera ku nthambi ya Météo-France ya pa chilumba cha La Réunion, yomwe imayang'anira anamondwe a kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian Ocean. Ku Madagascar nkhaniyi inkalembedwa m'Chimalagasi ndi Chifalansa, ku Mozambique m'Chipwitikizi, ndipo ku Malawi m'Chichewa ndi Chingerezi. Wophunzira Chifalansa kapena Chipwitikizi akaika zolembazi pamodzi amaona mmene chenjezo limasinthira likamachoka kwa katswiri kupita kwa mtolankhani mpaka kukafika pa gulu la WhatsApp la m'mudzi, ndipo amazindikira kuti liwu limodzi lomasuliridwa molakwika lingachedwetse banja kusamuka.

Kayesedwe ka ntchito

Aphunzitsi ambiri sapereka malikisi potengera chiwerengero cha anthu omwe akonda kapena kugawa uthenga, chifukwa chiwerengerocho chimadalira makina a kampani ndi kutchuka kwa wophunzira, osati luso lake. Amayang'ana kulondola kwa chilankhulo, kuyenera kwa mawu kwa omvera omwe adasankhidwa, kuona kwa mfundo ndi komwe zidatengedwa, mgwirizano wa chithunzi ndi mawu, komanso zomwe wophunzira walemba polingalira za ntchito yake.

Zovuta ndi zomwe ena amatsutsa

Vuto loyamba ndi la chinsinsi cha ophunzira. Masamba a mchezo ndi a makampani omwe amapeza ndalama posonkhanitsa mbiri ya anthu ndi kuwaonetsa malonda. M'mayiko a European Union lamulo la GDPR, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limateteza mbiri ya munthu, choncho kukakamiza wophunzira kutsegula tsamba m'dzina lake kungabweretse mavuto. Aphunzitsi ambiri amatsegula tsamba limodzi la kalasi yonse, kapena amalola wophunzira kupereka ntchito yake popanda kuiika pagulu.

Vuto lachiwiri ndi chipongwe. Nkhani ya nyengo imautsa mikangano ya ndale, ndipo wophunzira yemwe chilankhulo sanachigwire bwino angathe kunyozedwa pa zolakwitsa zake kapena pa maganizo ake. N'chifukwa chake kalasi imagwirizaniratu za mmene idzachitire ndi ndemanga zachipongwe.

Vuto lachitatu ndi kusiyana kwa mwayi. Vidiyo imadya bandulo yambiri, ndipo komwe intaneti ndi yodula kapena magetsi amathimathima, ophunzira ena amatsalira. Masamba enanso sapezeka m'mayiko onse. Ku China Facebook, Instagram ndi YouTube ndi zotsekedwa ndipo anthu amagwiritsa ntchito WeChat ndi Weibo, pomwe India idaletsa TikTok mu 2020.

Ena amatsutsa kuti mphunzitsi wa chilankhulo si katswiri wa sayansi, choncho angathe kulekerera mfundo zolakwika, kapena kusandutsa kalasi kukhala bwalo lokopera ophunzira ku maganizo ake. Pofuna kupewa zimenezi, mayunivesite ena amagwirizanitsa aphunzitsi a zilankhulo ndi a jogalafe kapena a zachilengedwe, ndipo ophunzira amapatsidwa ufulu wosankha mbali yawo malinga ngati ali ndi umboni.

Palinso funso lokhudza zipangizo zenizenizo. Nyumba zosungira makompyuta akuluakulu omwe amayendetsa masamba a mchezo zimadya magetsi ndi madzi ambiri, ndipo mabatire a mafoni amafuna miyala monga cobalt, yomwe yoposa theka la yonse ya padziko lapansi imakumbidwa ku Democratic Republic of the Congo. Masamba omwewo amakhalira malonda olimbikitsa anthu kugula zinthu zambiri. Aphunzitsi ena amatenga kutsutsana kumeneku n'kukuika kukhala mutu wa mtsutso m'kalasi, kuti ophunzira akambirane m'chilankhulo chomwe akuphunziracho ngati phindu la uthenga wawo likuposa mtengo wa chida chomwe aufalitsira.

Onaninso

Zolinga za Chitukuko Chokhazikika
Kusintha kwa nyengo
Masamba a mchezo
UNESCO
Chijeremani
Namondwe Freddy